Kyuteksi M'thumba la a Chisale

Nkhani iyi ndimafuna ndipite nayo kumanda, koma Nabanda wogulitsa zodzola waiwanditsa kale msika wonse wa Nsipe, ndipo akumathiramo mchere wake. Ndiye bola ndiinene ndekha mwini manyazi. Sekani, sindikuletsani. Koma amene aseke mpaka kuonetsa usinini ndimusunga mumtima, pamaliro pake ndidzangodya nyama osalira.

Ine ndine Nangozo. Sukulu ndinalekeza sitandade thu, chifukwa aphunzitsi anandikwapula ine nkuwabwezera. Koma musandiyese mbuli. Ndabereka ana seveni, mbatata ya kachewere ya m'munda mwanga imakadyedwa mpaka ku Limbe, ndipo palibe munthu anandipusitsapo chibadwire. Wodzandipusitsa ndinali ine ndemwe.

Amuna anga ndi a Chisale. Anakagwirako ntchito kumigodi ku Joni ali mnyamata, nkubwerako ndi zinthu zitatu: chifuwa, chipewa, ndi njinga yamoto yofiira. Njinga imeneyo ndi imene inandikola ine. Nkhope ayi, musanamizidwe. Tinaigulitsa chaka china cha njala, tinadya, inatha. Lero a Chisale ndi nkhalamba ya mano anayi, yofatsa ngati ng'ombe yapangolo. Ukaikalipira imangoti, "Chabwino, mayi."

Zinayamba ndi zinyalala.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza patebulo timapepala todulidwadulidwa, tina tozungulira, tina topota ngati ndudu. Ine uve sindigwirizana nawo. Ndinangokokolola tonse nkuyatsira mbaula. Moto wake unayaka bwino, sindinama.

A Chisale pobwera kudimba anayang'ana patebulo, anayang'ana mbaula, kenako anayang'ana ine.

"Mwationako timapepala tanga?"

"Tili mu tiyi mukumwayo."

"Chabwino, mayi."

Masiku awiri osandiyankhula. Tsiku lachitatu anagula loko.

Lokoyo anakaikhoma pa kanyumba kathu kosungiramo mbewu ya kachewere. Kiyi anamumanga pachingwe nkuvala m'khosi. Akangomwa tiyi, lowu, chitseko gwa! Kutuluka dzuwa litapendeka, akuyimba likhweru. Likhweru! Munthu amene likhweru lake ndinalimva komaliza ana athu asanamere mano!

"Kodi mumatani m'menemo?"

"Ndikusankha mbewu."

"Mbewu yosankha miyezi iwiri? Mukumaifunsa mayina?"

"Chabwino, mayi."

Ndinaleka. Ndinati ukalamba ndi matenda, wina umamugwira miyendo, wina mutu.

Kenako ndikuchapa jekete lawo la kutchalitchi, dzanja m'thumba, ndagwira kabotolo. Kutulutsa, kyuteksi! Wofiira psuu, uja amapaka m'zala atsikana a m'mabala. Ndinakhala pansi pomwepo, pamatope, sopo ali m'manja.

Ine zikhadabo zanga nza khasu. Kyuteksi ndingamupake pati?

Sindinafunse. Mbava sumaifunsa ikadali ndi nkhuku imodzi, umadikira ikole yachiwiri. Ndinapeza jumbo, nkuponyamo kabotoloko. Mdzukulu wanga wa ku sekondale amati zoterezi ndi evidensi.

Sabata isanathe, pakolala pa shati pali tsitsi. Lalitali, lakuda bii, la meshi. Ine mutu wanga ndi wa imvi, wometa, umakhala mu duku chaka chonse. M'jumbo!

Kenako kachitsulo kaja amazulira nsidze atsikana a masiku ano kuti aziwoneka ngati odabwa. M'jumbo!

Kenako kagalasi ka paudala, kosweka mbali imodzi. M'jumbo!

Ndipo madzulo ena tikudya, ndinaona chala chawo chachikulu chili ndi kadontho kofiira pachikhadabo.

"Chala chatani?"

"Ndadzicheka ndi lumo."

"Magazi anu ayamba liti kunyezimira?"

Anabisa dzanja kunsi kwa tebulo. Nkhalamba ya mano anayi, ikuchita manyazi ngati mnyamata wa kwaya!

Tsiku lina masana ndinanyang'ama mpaka pachitseko cha kanyumba kaja, khutu pa thabwa. Poyamba zii. Kenako ndikumva milomo ikulira: bvuuu, bvuuu, bvu-bvu-bvu! Ndinagwira pamtima. Zaka zonsezi ine milomo imeneyo sinandilirirepo choncho!

Loweruka anapolisha nsapato nkunena kuti akukagula mankhwala a mbewu ku Nsipe. Ndinati pitani bwino. Atangokhota pa mjigo, ine chitenje kumutu, pambuyo pawo. Iwo anakwera minibasi, ine kabaza wa njinga yamoto, ndikumuuza mnyamatayo kuti akaitaya minibasiyo ndimutafuna khutu.

Kumsika sanapite kwa ogulitsa mankhwala. Analunjika pa benchi ya Nabanda.

Nabanda ndi mayi wamasiye amene amagulitsa zodzola m'mbali mwa msewu: mafuta oyeretsa, mawigi, ndolo, zonse za satana. Ndi wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wonenepa bwino, ndipo akamaseka thupi lonse limathandiza. Ine ndinabisala kuseri kwa matumba a kabichi.

Ndikuona a Chisale anyamula ndolo, akuiyang'anitsa padzuwa. Kenako atulutsa rula m'thumba, akuiyeza! Nabanda kikiki, kikiki, mpaka kuwamenya paphewa.

"Iyi yakula," akutero amuna anga. "Ndikufuna yaing'ono, yowala kwambiri. Imodzi yokha."

"Inu agogo mudzandipha ndi phwete!"

"Koma mayi kunyumba asamve."

Mayi kunyumba anamva.

Ndinadikira achoke. Kenako ndinatuluka m'makabichi muja ngati njati yolasidwa.

"Iwe Nabanda!"

"Ii, agogo! Mwaswera bwanji? Tikupatseni chani lero?"

"Undipatse mwamuna wanga!"

Msika wonse unatembenuka. Wowotcha chimanga anasiya kukupiza.

"Agogo, mukuti chani?"

"Amuna atha pa Nsipe pano? Madalaivala a mathiraki onsewa sakukukwana, mpaka ukatole nkhalamba yanga yoti ikatafuna chimanga imachita kupuma kaye?"

"Agogo, aja ndi kasitomala chabe!"

"Kasitomala wa kyuteksi? Amapaka pati, pa dazi?"

Anthu gwedeee kuseka. Ine ndimayesa akuseka Nabanda, ndiye ndinawonjezera moto. Zimene ndinanena pamenepo sindingazibwereze, ndine mayi wa mpingo. Ndingoti ndinafika mpaka kwa agogo ake amene sindinawaonepo.

Nabanda anasiya kuseka. Anamanga chitenje m'chiuno nkunena kuti, "Agogo, mwandinyoza pagulu. Nkhani imeneyi ithera pagulu pomwe."

"Ubwere Lachitatu kwathu. Ankhoswe adzakhalapo. Usaiwale kudzola!"

Kwathu kuno banja silitha ndi mkwiyo wa munthu mmodzi. Pamafunika ankhoswe, amene anamanga ukwatiwo, adzamve mbali zonse. Ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga a Lufeyo ku Bwanje, ndi kwa alamu anga a Pitala, mng'ono wawo wa a Chisale, ku Mlangeni. Ndinati bwerani msanga, nyumba yapsa.

A Lufeyo anasiya mpunga uli pakati pokolola. Anakankha njinga yawo yakapalasa chitunda chonse chija kuchokera kuchigwa, nkufika malaya ali chonyowa, lilime panja.

"Mlongo, wamwalira ndani?"

"Ukwati."

"Ukwati wa ndani?"

"Wanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pa msinkhu umenewu? Ndakwera phiri lonseli chifukwa cha zimenezi? Tandipatsani madzi."

Lachitatu m'mawa ndinatulutsa sutikesi yawo ya ku Joni ija nkuiika pakati pa bwalo, chipewa pamwamba. Mudzi uno ndi wathu, a Chisale anabwera kudzakhala chikamwini. Wochoka ndi iwo. Ine mtima unkapweteka, ndisaname. Munthu wakhala naye zaka zoposa fote, ukudziwa ndi kutsokomola kwake komwe. Koma Nangozo sagawana mbale ndi wogulitsa mawigi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa pichesi. Ankhoswe pamipando, a Chisale pa kampando kawo, ine pamphasa. Nabanda anabwera, ndipo sanabwere yekha. Anabwera ndi amayi a tomato, a kabichi, ndi wowotcha chimanga yemwe uja. Anthu a m'mudzi nawonso anayamba kudutsa pabwalo pathu ngati pali njira.

A Pitala anatsegula ndi pemphero lalitali. Atati ameni ine ndinali nditaima kale.

Ndinakhuthula jumbo pa lichero. Kyuteksi. Tsitsi. Chozulira nsidze. Kagalasi.

"Achimwene, alamu, taonani! Izi ndazipeza m'matumba mwa bambo awa, dikoni wa mpingo! Ine ndawaphikira, ndawachapira, chifuwa chawo cha ku Joni ndachifukiza ndi bulugamu zaka zonsezi. Lero akagule ndolo? Ine makutu anga anaboola amayi anga ndi minga, mabowo anatsekeka osaonapo ndolo ya a Chisale!"

Amayi a tomato anati, "Mmm!"

"Ndipo amadzitsekera m'kanyumba umo tsiku lonse, milomo ikulira bvuuu bvuuu! Afotokoze!"

A Pitala anatembenuka. "Achimwene, zinthuzi mukuzidziwa?"

"Ndikuzidziwa. Ndi zanga."

Bwalo lonse: "Hiii!"

"Ndipo chozulira nsidzecho ndachifunafuna masabata awiri. Ntchito inaima."

"Mwamva!" ndinakuwa. "Akuti ntchito!"

A Chisale anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, anavula kiyi m'khosi, nkulunjika ku kanyumba kaja. Ine ndinati lero ndi lero. Ndinamanga chitenje, kukonzeka kulandira aliyense amene atuluke m'menemo.

Anatuluka okha, atanyamula thireyi yanga ya alendo imene ndinaisowa mwezi wathunthu. Pamwamba atavindikira kansalu. Akuyenda ngati anyamula mgonero. Anaika pa tebulo patsogolo pa ankhoswe, nkuvundukula.

Njinga yamoto.

Kanjinga, kotalika ngati kuchoka pachigongono kufika pachala. Ka mapepala kokhakokha. Koma abale, inali njinga ija! Ija yeniyeni, ya ku Joni, imene tinadya chaka cha njala!

Thanki yofiira psuu, yonyezimira. Kyuteksi.

Timagalasi tiwiri toonera kumbuyo, tating'ono ngati chikhadabo. Kagalasi ka paudala.

Tizingwe ta mabuleki tochoka pa handulo kutsikira kumatayala. Tsitsi la meshi.

Nyali yakutsogolo ikuthwanima padzuwa. Ndolo. Imodzi.

A Lufeyo anavala magalasi, anagwada pansi, mphuno pafupi ndi tayala. "Alamu! Masipoko awa mwapanga ndi chani?"

"Pepala la kalendala. Ndimalipota pa singano, limodzilimodzi. Tayala lililonse masipoko sate sikisi, ngati yeniyeni."

"Nanga tcheni ichi?"

"Katoni ya sopo. Mfundo iliyonse payokha. Zala zangazi sizingagwire, nchifukwa chake ndinagula chozulira nsidze. Matayala ndi thumba la simenti, ndinalinyowetsa, kulipota, nkulidetsa ndi polishi."

A Pitala maso ali tong'o. "Mpaka chibonthokero cha pa madigadi chilipo! Chija munagunda mbuzi pa Mlangeni!"

"Chilipo. Ndinayeza zonse pa chithunzi chakale chija ndi rula. Chithunzicho chikufufutika, maso anganso akutha. Adzukulu amati ndimanama kuti ndinakhalapo ndi njinga. Ndinati ndiionenso kamodzi ndisanapite."

"Nanga kubisa?" anafunsa a Lufeyo.

A Chisale anandiyang'ana. "Yoyamba inaphika tiyi."

Bwalo linaphulika. Nabanda anagwa chagada pa udzu, miyendo m'mwamba. Wowotcha chimanga anachita kugwira mtengo.

"Nanga bvuuu bvuuu uja?" anafunsa mayi wina wa tomato, misozi ili mbwee.

A Chisale anaweramitsa mutu. "Injini ya pepala silira yokha."

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi. Akanati pepani, ndalakwa, nkukalowetsa sutikesi m'nyumba. Koma ine ndine Nangozo. Ndinayandikira tebulo lija ndikufunafuna poti ndigwire, chifukwa munthu sungaitane ankhoswe kuchoka ku Bwanje nkungoluza choncho ngati timu ya pulayimale.

Ndipo ndinapeza.

Pa njingapo panali tianthu tiwiri ta pepala. Kutsogolo kamwamuna ka chipewa. Kumbuyo kwake kamkazi! Kowonda m'chiuno, diresi la maluwa, duku lofiira, manja katakulunga m'mimba mwa kamwamunako, kukakamira ngati nkhupakupa.

"Ehee!" ndinakuwa. "Si uyu! Mumati palibe mkazi, uyu ndani? Taonani m'mene wawagwirira! Hule wopanda manyazi, pamaso pa ankhoswe!"

"Mayi, dikirani..."

Mochedwa. Ndinakatsomphola pampando paja, nkukapotokola khosi. Mutu thu! Unagwera pa lichero, pambali pa kyuteksi.



A Chisale anatola kamutuko ndi zala ziwiri, nkukaika pachikhatho.

"Nangozo," anatero. Dzina langa amalitchula kamodzi pa chaka. "Ameneyu ndi inu."

"Bodza!"

"Tsiku lija ndinakutengani kukakuonetsani kwathu ku Mlangeni. Diresi la maluwa munabwereka kwa akulu anu. Duku ndinakugulirani ine."

Diresi ndinalikumbuka. Duku ndinalikumbuka. Kukakamira kuja ndinakukumbukanso, chifukwa msewu unali wa mabampu ndipo ndinkaopa kufa. Koma ndinayang'anitsitsa kamutu kaja, ndipo kanali ndi chinthu chimodzi cholakwika. Kukamwa kunali yasaa, kotsegula mpaka kumakutu.

"Ngati ndine, kukamwaku kwatani? Ine ndili ndi kamwa ngati ya ng'ona?"

"Munkandikalipira njira yonse. Kuchoka pano mpaka ku Mlangeni. Ndinayesa kupanga kotseka, koma sikanafanane nanu."

A Lufeyo, mchimwene wanga weniweni, bere limodzi, anatenga kamutuko, anakayang'ana, anandiyang'ana ine, anakayang'ananso.

"Mlongo," anatero, "chiunochi alamu akukometserani. Koma kukamwaku ayeza ndi rula."

Sindikudziwa kuti anthu anaseka nthawi yaitali bwanji. Ndikungodziwa kuti a Pitala anatsamwa mpaka anawamenya kumsana, ndipo agalu a m'mudzi monse anayamba kuuwa.

Chigamulo sichinachedwe. Ankhoswe anati ndipepese Nabanda ndi nkhuku, pamaso pa anthu amene ndinamunyozera. Ndinapereka tambala wanga wofiira, amene ndimasungira Khirisimasi. Nabanda anamulandira ndi manja awiri, mwaulemu, nkunena kuti, "Zikomo agogo. Mukadzafuna kyuteksi ndidzakuchotserani mtengo." Mwana wopanda mwambo.

A Lufeyo anati mpunga wawo wadyedwa ndi mbalame chifukwa cha ine, ndiye anamanga thumba la kachewere pa kaliyala. Sutikesi ndinailowetsa ndekha m'nyumba, chipewa chili pamutu panga chifukwa manja anadzaza. Palibe anandithandiza. Onse anali pa tebulo, kupempha a Chisale kuti alizenso injini.

Ndipo analiza! Dikoni wathunthu, bvuuu bvuuu, malovu akuuluka pa mano anayi aja, amayi a tomato akuwomba m'manja.

Mawa lake m'mawa ndinawapeza pakhonde, magalasi pamphuno, chozulira nsidze m'manja, akulumikiza mutu wanga ndi thupi. Ndinawaikira tiyi pambali. Wa mkaka. Ndinathiramo shuga masipuni atatu, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwire. Pepani wanga ndi ameneyo, wina ndilibe.

Ndinakhala pansi nkumaonerera. Khosi linagwira bwino, kungotsala kamzere ngati mkanda. Anandibwezera pampando wakumbuyo, nkukonza timanja tija kuti tigwirenso m'mimba mwawo.

"A Chisale."

"Mayi."

"Poti guluu muli naye m'manja, tatsekaniko kukamwako. Alendo akabwera aziti chani?"

Anayang'ana kachidoleko. Anayang'ana botolo la guluu. Kenako anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi.

"Mayi, ndayesa zaka fote. Guluu wake sanapangidwe."

Njingayo ili pa kabati pabalaza mpaka lero, ine ndili pambuyo, kukamwa yasaa, ndipo ndimaipukuta fumbi ndekha ndi nthenga ya nkhuku. Aliyense wobwera amafuna aione, ndipo aliyense amayang'ana kachidoleko kenako nkuyang'ana ine. Ndimawaona.

Ndiye amayi anzanga, musanapotokole khosi la mkazi mnzanu, yambani mwamuyang'ana kukamwa: mwina ndi inu nomwe.